Mzere wotsimphina wa Agiriki ungatheke m'Chichewa, koma osati wonse

A Mkonzi,

Tikupempha malo pang'ono tithandize alakatuli a kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene akuyesa mtundu wa ndakatulo za Agiriki wotchedwa choliambos. Suwonekawoneka. Amene anatchuka nawo ndi Hipponax wa ku Ephesus cha m'ma 540 BC, ndipo ankaugwiritsa ntchito potukwana adani ake. Pambuyo pake Herodas anaulembera timasewero, Babrius nthano za nyama.

Mzere wa choliambos uli ndi maphatikizo 12. Agiriki ankamvera kutalika kwa phatikizo, osati kukweza mawu. Lachiwiri, lachinayi, la 6, la 8 ndi la 10 ndi aatali. Lachitatu ndi la 7 aafupi. La 11, lomwe mu iambos wamba (mzere wa Agiriki wosinthanitsa phatikizo lalifupi ndi lalitali) limakhala lalifupi, pano amalitalikitsa dala, ndiye mzere umafika kumapeto motsimphina. Popumira pamabwera pambuyo pa phatikizo lachisanu kapena la 7.

Chichewa sichisiyanitsa mawu potalikitsa phatikizo ngati Chigiriki, choncho amene akuti angatsate malo onse 12 akudzinamiza. Komabe tili ndi mwayi umodzi: tikamapuma polankhula, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika lokha. Tamverani mzere uwu:

Mvula ikagwa, waulesi adwala.

Kupuma pa "ikagwa" kwakoka "ka", lomwe ndi lachinayi, malo aatali ndithu. Kumapeto "dwa" wagwera pa 11. Mukapumira pa la 7, lokokeka ndi la 6, zilinso bwino. Koma mukayamba ndi "Mvula yagwa," mwapuma pa lachinayi ndipo mwakoka lachitatu, loyenera kukhala lalifupi. Mzere wafa pomwepo.

Vuto lalikulu kuno ku Tete ndi kawerengedwe. Kusukulu tinaphunzira ndakatulo za Chipwitikizi, momwe amalekeza kuwerenga pa phatikizo lomaliza lomveka mwamphamvu. Wotengera zimenezo amasiya phatikizo lotsiriza osaliwerenga, mzere n'kukhala ndi 13. Enanso amaiwala kuti "mtengo" ndi maphatikizo atatu, pomwe "mvula" ndi awiri. Werengani ndi zala, mokweza mawu.

Ndipo musaulembere ndakatulo ya maliro kapena ya chikondi. Kutsimphinako kumakoma poseka waulesi, wangongole, kapena wogula mbatata pamtengo wozizira ku msika wa Ulongwe.

Ife aphunzitsi awiri a zilankhulo,
Ulongwe, Angónia