Mwana wanga wagonekedwa ndi chimfine, apongozi akuti ndinamudyetsa nkhumba

Azakhali,

Ndikulemba 2 koloko usiku, ndili pa mpando wa pulasitiki m'wodi ya ana kuno ku Johannesburg. Mwana wanga wa zaka zitatu ali ndi timachubu ta okosijeni m'mphuno, lero tsiku lachisanu. Iyeyu ali ndi mphumu chiyambire ali khanda.

Zinayamba ndi alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba. Anabwera Loweruka ndi mwana wawo akutsokomola, ife tikuchita lendi chipinda chimodzi basi. Anatha shuga yense, anatenga bulangete la mwana wanga n'kufunditsa wawo, ine duu, kulemekeza mlendo. Lero ndi omwewo akulemba pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti ndine mayi wosasamala.

Lachiwiri mwana wanga thupi linatentha. Ndisaname, ndinadikira mpaka Lachisanu. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ukajomba amadula ndalama. Palinso za mapepala anga, koma zimenezo ndisalowemo. Ndinamumwetsa theka la mankhwala a mutu aufa aja timagula pa spaza, timagolosale ta m'makomboni kuno. Adokotala atamva anagwira pakamwa, akuti muli asipulini, ndipo mwana wa chimfine samwa asipulini chifukwa atha kumuwononga chiwindi ndi ubongo. Nanga ine ndikanadziwira kuti? Kwathu ku Dedza tonse tinakulira asipulini.

Usiku wa Lachisanu lija anayamba kupuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati, milomo itada. Atamutenga mamina kukayeza anati ndi H1N1, ena amati chimfine cha nkhumba, kachilombo kaja kanayambira ku Mexico mu 2009 n'kufalikira dziko lonse, masiku ano kamangobwera nthawi yozizira, mu Juni ndi Julayi. Kwa iye kafika m'mapapo, ndi chibayo tsopano. Akumupatsa Tamiflu m'mawa ndi madzulo, koma anesi anati mankhwalawa amagwira bwino akayambidwa maola 48 asanathe. Mawu amenewo akundidya. Ndimangowerenga masiku pa zala.

Bambo ake poimbira mayi awo ku Mangochi anangoti "chimfine cha nkhumba". Iwo ndi Asilamu, ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo apongozi sanandikondepo chikwatiwire. Nthawi yomweyo anati ndamudyetsa nkhumba mdzukulu wawo mobisa. Azakhali, zaka zisanu za banja nyama imeneyo sinalowepo mumphika wanga! Adokotala analongosola bambowa ali pomwepo kuti matendawa amafala potsokomola, poyetsemula ndi m'manja, nyama sizikukhudzana. Anamva ndi makutu awo, koma pafoni kwa mayi awo sananditeteze ngakhale liwu limodzi. Za achemwali awo amene anabwera ndi chifuwa, palibe akutchula.

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Anesi akuti amayi oyembekezera chimfine ichi chimawavuta kwambiri, ndibayitse katemera, ndipo mwanayu ankayenera kumabayitsa chaka chilichonse dzinja lisanafike, poti amayamba mwana akakwana miyezi 6. Palibe anandiuzapo. Bambo akuti m'nyumba mwawo za katemera ayi, anakana kale nthawi ya Covid. Komanso akuti mwana akatuluka akwere basi apite kwa agogo ake ku Mangochi, ine ndalephera kulera.

Ndibayitse mobisa kodi, poti ndikugona m'chipatala momwemo? Za asipulini zija ndiwauze bambowa kapena ndingosunga mumtima, poti sakuzidziwa? Angamutenge mwana ine ndisanavomere? Ankhoswe anga ali kutali kumudzi, ndiyambire pati? Ndipo mundiuze zoona azakhali, ndikanabwera naye Lachitatu, bwenzi ali pa okosijeni chonchi?

Mayi wothedwa nzeru,
Johannesburg