Lipoti la ulendo wa ku Blantyre, gulu lathu lonyika nsalu pa Chitakale

Amayi a tcheya ndi nonse a gulu, ndafika bwino dzulo madzulo, minibasi inangochedwa kudzadza pa Limbe. Munandituma ndiye nazi zomwe ndabwera nazo.

Kumaphunziro komwe munandituma nkhani yonse inali ya ma enzyme, tinthu tochokera m'zamoyo tomwe timafulumizitsa kusungunuka kapena kusintha kwa zinthu zina. Dzinalo linandiopsa poyamba koma aphunzitsi aja atanena kuti chimera chomwe timathira m'phala la thobwa mpaka kusungunuka chija muli enzyme yotchedwa amylase ndinangoti eee kani timaidziwa kale. Yomweyo kufakitale amachotsera sitachi pa nsalu ikangolukidwa kumene. Ina ndi pectinase, imatsuka nsalu yathonje pa madigiri cha m'ma 50 pomwe soda wa kositiki amafuna madzi ochita kuwira, taganizani nkhuni zake. Cellulase ndi ija imafewetsa majinzi.

Vuto lake ndi zodula ndipo ukathira m'madzi zimapita ndi madzi omwewo, nchifukwa chake amazitsekera m'timikanda. Izi ndaona ndi maso angawa, anasakaniza enzyme ina yotchedwa catalase ndi alginate, phalaphala lochokera ku ndere za m'nyanja yamchere, n'kumadontheza ndi sirinji m'madzi a calcium chloride, dontho lililonse likangogwera likugwirana ngati dzira la chambo, ndinatola kamodzi kofewa koma sikaphwanyika wamba. Ataponya timikandato m'madzi a hydrogen peroxide yoyeretsera nsalu ija thovu linayamba kutuluka, ndiye kuti peroxide ikusanduka madzi ndi okosijeni. Anasefa ndi kasefa ka tiyi n'kuponyanso timikandato m'madzi ena, ndipo sitinafooke, thovu linatulukanso.

Koma chomwe chandikhudza ine ndi enzyme yotchedwa laccase. Imachokera ku bowa womera pa zipika zoola ndipo imazimitsa mtundu wa dayi m'madzi otsala. Mtima unandipweteka pokumbukira madzi abuluu omwe timakhuthulira m'ngalande kuseri kwa shedi yathu, amatsikira kumtsinje komwe anzathu amachapa ndi ana kusamba. Ndinafunsa ngati tingagule, anandiyankha mosabisa kuti timikandati timachita bwino m'madzi kuposa pa nsalu penipeni, si dayi aliyense amene amazima, komanso madzi kuyera sikuti ndi akumwa ayi.

Ndiye maganizo anga tisathamangire kugula. Tiyambe tasiya kutaya m'ngalande, tipeze madiramu awiri tizisungamo madzi a dayi, ndipo aphunzitsi avomera kuti tiwatumizire botolo limodzi akayese ndi laccase. Loweruka tikambirane za madiramuwo, chenji ndi malisiti ndipereka kwa asungichuma tsiku lomwelo.