Kufufuta kokha sikuthetsa maimelo osafunika

Wokondedwa Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene akatsegula imelo amapeza uthenga umodzi wofunika utakwiririka pansi pa malonda, mphoto za mipikisano imene sanalowe, ndi makalata owaopseza kuti akaunti yawo itsekedwa lero lomwe. Ambirife timangosankha onsewo, kufufuta, n'kupitiriza ntchito. Mawa lake adzadzanso. Nkhawa yanga ndi yakuti tazolowera njira yofooka kwambiri, pamene njira zamphamvu zili pafupi, pa foni yomweyo.

Wotumiza maimelo amenewa sadandaula mukafufuta. Kutumiza uthenga kwa anthu miliyoni kumamudyera ndalama zochepa zedi, choncho ngakhale mmodzi yekha akodwe, iye wapindula. Mu 2008, akatswiri a ku University of California analowerera gulu la makompyuta olandidwa mwachinsinsi ndi vairasi lotchedwa Storm, limene linkagwiritsidwa ntchito potumiza spam, kutanthauza maimelo osafunika otumizidwa kwa anthu ambirimbiri. Pa maimelo pafupifupi 350 miliyoni otsatsa mankhwala, anthu 28 okha ndi amene anafuna kugula. Chiwerengero chochepa chotere sichinaletse malondawo kupitirira. Ndiye inu mukafufuta mwakachetechete, mwangokhala mmodzi mwa mamiliyoni amene iye ankadziwa kale kuti sayankha. Adiresi yanu ikadali pamndandanda wake, ndipo makina osefa maimelo sanaphunzirepo kanthu.

Chimene ndikufuna anthu agwiritsitse n'chakuti zinyalalazi zili mitundu iwiri, ndipo mankhwala a mtundu wina ndi poizoni pa mtundu winawo.

Mtundu woyamba umachokera ku makampani ndi mabungwe enieni amene tinawapatsa tokha adiresi. Tinagula chinthu pa intaneti, tinalembetsa maphunziro, tinaika pulogalamu pa foni, ndipo penapake panali kabokosi kochongedwa kale kovomereza kulandira nkhani za malonda. Awa ndi amene amadzaza mabokosi a anthu ambiri, ndipo ndi osavuta kuwaletsa. Pansi pa uthenga uliwonse pamakhala mawu akuti Unsubscribe, amene mukawadina mumapempha kuti asiye kukutumizirani, nthawi zambiri m'timalemba ting'onoting'ono totuwa. Sanawaike chifukwa cha chifundo. Ku United States, lamulo la CAN-SPAM la 2003 limawalamula kusiya kukutumizirani pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Ku European Union, kuyambira 2018 lamulo la GDPR silivomereza kabokosi kochongeratu ngati umboni woti munthu wavomera. Ndipo mu 2024, Gmail ndi Yahoo anaika lamulo lawolawo kwa otumiza maimelo ambiri, lomwe ku Gmail likukhudza amene amatumiza oposa 5,000 patsiku: azipereka njira yosiyira mwa kudina kamodzi kokha, ndipo pempholo alichite pasanathe masiku awiri. N'chifukwa chake tsopano mumaona batani la Unsubscribe pamwamba, pafupi ndi dzina la wotumiza. Limenelo ndiye ndimalikonda, chifukwa silikupititsani kumalo achilendo.

Pali kanjira kamene kamafupikitsa ntchito. Pamalo ofufuzira m'bokosi lanu, lembani mawu akuti unsubscribe. Maimelo onse amalonda adzandandalikana pamodzi, ndipo mudzaona kuti otumiza ochepa okha ndi amene akubweretsa mulu wonsewo. Yambani ndi amenewo.

Mtundu wachiwiri ndi wa akathyali, ndipo apa ndikupempha tichenjere kwambiri. Munthu amene akukunamizani kuti mwapata mphoto, kapena akudzitcha banki yanu, salabadira lamulo lililonse. Linki yake ya Unsubscribe ikhoza kukhala msampha. Mukaidina, mwamuuza kuti adiresiyi ili moyo ndipo mwini wake amawerenga, ndipo adiresi yotsimikizika chotere imagulitsidwa mokwera kwa anzake. Mwinanso linkiyo ikufikitsani pa tsamba lofanana ndendende ndi la banki, lofunsa pasiwedi. Kuyankha n'chimodzimodzi. Ngakhale mutamukalipira kapena kumupempha mwaulemu kuti asiye, iye wapeza chimene amafuna.

Kuwasiyanitsa sikovuta munthu akazolowera kuyang'ana. Dzina la wotumiza limatha kuoneka labwinobwino, chifukwa aliyense akhoza kulembapo dzina lililonse. Dinani pa dzinalo kuti adiresi yeniyeni ionekere. Mudzapeza kuti pambuyo pa chizindikiro cha @ pali mulu wa zilembo ndi manambala osagwirizana ndi kampaniyo, kapena dzina la kampani limene asinthamo chilembo chimodzi, monga kuika nambala 0 pamalo a chilembo o. Pa kompyuta, ikani kalozera pamwamba pa linki osadina, ndipo mudzaona kumene ikupita. Uthenga ukamakufulumizitsani, kuti muchite zimenezi pasanathe ola limodzi apo ayi mutaya zonse, kufulumizako ndiye chizindikiro. Ngati mukukayikabe, tsekani imeloyo, mulowe mu akaunti yanu kudzera njira imene mumagwiritsa ntchito masiku onse.

Mukatsimikiza kuti ndi wachinyengo, dinani batani lomunenera, Report spam kapena Report phishing (la uthenga wofuna kukuberani pasiwedi), kapena Junk ngati muli pa Outlook, imelo ya Microsoft. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni ndi kufufuta. Makina osefa amaphunzira kuchokera ku zimene ife tikuwauza, ndipo anthu ambiri akanena za uthenga umodzimodzi, umayamba kutsekeredwa usanafike kwa ena. Google imati makina ake amatchinga maimelo oipa oposa 99.9 peresenti, ndipo zina mwa nzeru zimenezo zimachokera kwa anthu wamba amene sanaulesi kudina batanilo. Mukalidina mwatetezanso munthu wachikulire amene akanakhulupirira kalata yabodzayo n'kupereka pasiwedi yake. Kubuloka wotumiza kumathandiza pa munthu mmodzi wovutitsa, koma akathyali amasintha maadiresi tsiku ndi tsiku, choncho musadalire kwambiri pamenepo.

Ndionjezepo kuti batani la Report spam tisamaliseweretse. Ngati munalembetsa nokha kalata ya kabungwe kakang'ono ndipo yakutopetsani, siyani mwa njira yake. Kuinena kuti ndi spam kumaipitsa mbiri ya kabungweko, ndipo makalata ake amaleka kufika kwa amene akuwafunadi. Koma amene mwamuuza kuti asiye n'kumapitirizabe, ameneyo muneneni osazengereza. Muzisuzumiranso m'bokosi la spam nthawi ndi nthawi, pakuti makina amalakwitsa, ndipo Gmail imafufuta zam'menemo pakatha masiku 30. Kalata yoitanira munthu ku mayeso a ntchito ikhoza kuthera mmenemo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndi zithunzi. Maimelo ambiri amabisa kachithunzi kakang'ono ngati kadontho, kosaoneka ndi maso, kamene kakatseguka kamauza wotumiza kuti mwawerenga ndiponso nthawi yake. M'makonzedwe a imelo muli posankha kuti zithunzi zisamatseguke zokha mpaka mutalola. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Nanga adiresi yathu amaipeza kuti? Ina amaitola ndi makina pamasamba pamene tinailemba poyera. Ina imatuluka makampani akaberedwa: Yahoo inavomera mu 2017 kuti kuba kwa mu 2013 kunakhudza maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni. Tsamba la Have I Been Pwned, limene katswiri wa chitetezo cha makompyuta, Troy Hunt, anayambitsa mu 2013, limakuuzani kwaulere ngati adiresi yanu inapezeka m'zobedwa zotere, ndipo ikapezeka, sinthani pasiwedi msanga. Zomwe zinatuluka kale sitingazibweze, koma za mtsogolo tingathe kuzisamala. Khalani ndi maadiresi awiri, ina ya abale, ntchito ndi banki, ina yolembetsera zinthu za apa ndi apo. Pa Gmail mukhozanso kuonjezera chizindikiro cha + ndi mawu ena pambuyo pa dzina lanu, @ asanafike. Uthenga umafikabe kwa inu, koma mukamapatsa kampani iliyonse mawu akeake mumadziwa amene anapereka adiresi yanu kwa ena, ndipo mukhoza kuikira fyuluta yotaya zonse zobwera kudzera mmenemo. Hide My Email ya Apple ndi Firefox Relay zimapita patsogolo, zimakupangirani adiresi yongoyembekezera imene mungaitseke tsiku lililonse.

Mbali yomaliza ndikulankhula ndi ife amene timatumiza. Zimandipweteka kulandira chiitano cha msonkhano chimene maadiresi a anthu onse oitanidwa ali poyera pamwamba pake. Wotumizayo sanafune choipa, koma wagawira aliyense adiresi ya mnzake, ndipo kompyuta imodzi yokha mwa onsewo ikakhala ndi vairasi, mndandanda wonse wapita. Pali malo olembedwa Bcc, amene amabisa maadiresi a olandira. Alembi a mabungwe, a sukulu ndi a maofesi, chonde agwiritseni ntchito. Ndipo makampani amene mumatifunsa adiresi kuti mutitumizire lisiti, tumizani lisitiyo basi. Mukafuna kutitumizira malonda, tifunseni padera, kabokosiko mukasiye kosachonga, ndipo tikafuna kusiya musatiuze kuti tilowe kaye mu akaunti imene pasiwedi yake tinaiiwala kalekale.

Zikomo, Mkonzi, pondipatsa mpata umenewu.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa