Boston Celtics isaweruzidwe ndi malamulo a bola

A Mkonzi,

Achinyamata amene amadzuka 2 koloko usiku kuno ku Chipata kuti aonere NBA, ligi ya basketball ya ku America, akhala akudandaula kuti Boston Celtics yamwaza timu imene inatenga chikho mu 2024, itagonjetsa Dallas Mavericks 4-1. Ena akuti mwini wake watsopano, Bill Chisholm, amene gulu lake linagula timuyi pa madola 6.1 biliyoni, ndi woumira. Tikupempha malo m'tsamba lanu la masewero kuti tifotokoze, chifukwa ambiri akuyeza nkhaniyi ndi zimene anazolowera mu bola, kumene timu yolemera imangotulutsa ndalama n'kugula amene ikufuna.

Mu NBA wosewera sagulidwa ndi ndalama. Matimu amasinthana osewera, ndipo malipiro a opita ndi a obwera ayenera kuyandikana. Komanso ligi inalemba mizere ya malipiro a timu yonse. Nyengo ya 2025-26 salary cap (malire oyamba a malipiro) inaikidwa pa madola 154.6 miliyoni, luxury tax (msonkho wa timu yolipira mopitirira) kuyambira pa 187.9 miliyoni, ndipo pamwamba pake panaikidwa mizere iwiri ya zilango: first apron pa 195.9 miliyoni ndi second apron pa 207.8 miliyoni. Mzere womalizawu unabwera ndi pangano la 2023 pakati pa ligi ndi bungwe la osewera, ndipo ndi umene wavuta. Timu ikaudumpha siiloledwa kuphatikiza malipiro a osewera awiri kuti itenge mmodzi wodula, siiloledwa kuwonjezera ndalama posinthana, ndipo imataya mid-level exception, njira yolembera wosewera wabwino amene kontrakiti yake yatha kwina. Chinanso, mwayi wake wosankha mu raundi yoyamba ya draft (kumene matimu amasankha osewera atsopano) ya zaka 7 kutsogolo umamangidwa kuti usasinthanitsidwe. Wa Boston wa 2032 wamangidwa kale. Ikadumphanso kawiri m'nyengo zinayi zotsatira, mwayiwo umakankhidwira kumapeto kwenikweni kwa raundi. Mwini timu akhale wolemera chotani, zilango izi sangazilipire ndi ndalama.

Tsono taonani mmene zinalili. Malipiro a Jayson Tatum a nyengo ya 2025-26 anali madola 54.1 miliyoni, Jaylen Brown 53.1 miliyoni. Anthu awiri okha anali atatenga kale kuposa theka la second apron. Ndiyeno pa 12 Meyi 2025, mu gemu yachinayi ndi New York Knicks m'ma playoffs (magemu olimbirana chikho), Tatum anaduka mtsempha wa kuchidendene. Malipiro ndi msonkho pamodzi zinali kupita cha m'ma 500 miliyoni, zonsezo pa timu imene katswiri wake anali pa ndodo. Brad Stevens, amene amayang'anira zolemba osewera, sakanangokhala.

Jrue Holiday anapita ku Portland posinthana ndi Anfernee Simons. Pa nyengo ya 2025-26 yokha phindu linali lochepa, 32.4 miliyoni kutuluka, 27.7 miliyoni kulowa. Phindu lenileni lili pa zaka: Holiday anali ndi zaka 35 ndipo anali ndi nyengo zitatu zotsala, zoposa 100 miliyoni, pamene kontrakiti ya Simons inali yotha mu 2026. Simons amagoletsa, anali pa mapointi 19.3 pa gemu, koma potchinga sangafike pamene Holiday amafika. Kristaps Porziņģis, wa 30.7 miliyoni, anapita ku Atlanta, kunabwera Georges Niang, ndipo Niang naye anamupititsa ku Utah asanavale n'komwe jezi yobiriwira. Apa sitikuona cholakwa. Porziņģis anasewera magemu 42 okha mwa 82 nyengo ya 2024-25.

Pamene ife tikukayikira ndi pa udindo wa center (wosewera wamtali wa pafupi ndi basiketi), ndipo apa ndi pamene okonda timuyi ayenera kudandaulira. Porziņģis wapita, Luke Kornet wapita ku San Antonio, Al Horford ku Golden State. Atatu onse nthawi imodzi. Poyamba nyengo ya 2025-26 otsala anali Neemias Queta, Luka Garza, Chris Boucher ndi Xavier Tillman. Kasewereredwe ka kochi Joe Mazzulla kamadalira mipira ya mapointi atatu. Nyengo ya 2024-25 ankaponya yoposa 48 pa gemu, kuposa timu iliyonse m'mbiri ya ligi. Zinkatheka chifukwa Horford ndi Porziņģis ankaima kunja kwa mzere n'kumagoletsa, choncho wamtali wa timu inayo ankakakamizika kuwatsatira, pansi pa basiketi n'kusiya poyera. Brown kapena Derrick White akalowa, otchinga ankathamangira mkati, mpira n'kutulukira kwa munthu amene ali yekha pakona. Queta saponya za kutali. Womulonda adzangokhala pansi pa basiketi kudikira Brown, otchinga akunja sadzasiya anthu awo, ndipo ma three adzaponyedwa dzanja lili kumaso. Mpira wotere ukaphonya umadumphira kutali, ndipo timu inayo imauthamangitsa nthawi yomweyo. Yankho lake ndi loti Queta azitsekereza wotchinga kenako n'kuthamangira kubasiketi mwamphamvu, Payton Pritchard azimuponyera pamwamba. Ntchito imeneyo amaitha, koma amachita ma foul msanga, ndipo sanayambepo wanyamula mphindi 30 usiku uliwonse kwa nyengo yathunthu. Aphunzitsi a matimu a masukulu kuno kum'mawa aonetsetse mmene Mazzulla adzathetsere vutoli, pakuti ambiri a ife tili ndi wamtali mmodzi amene saponya kutali.

Za Tatum, sipanafunike kumufulumizitsa. Kevin Durant anaduka mtsempha womwewo mu Juni 2019 ndipo nyengo yonse yotsatira sanasewere. Mwayi wa Boston unali woti chigawo chake cha East chinafooka: Tyrese Haliburton wa Indiana ndi Damian Lillard anavulala chimodzimodzi m'ma playoffs a 2025, ndipo Milwaukee inamumasula Lillard. Ndi Brown, White ndi Pritchard, amene anasankhidwa kukhala wolowera pabenchi wopambana mu 2025, kulowa ma playoffs n'kotheka. Chikho ayi, osati nyengo ya 2025-26.

Poyamba nyengo ya 2025-26 malipiro a timuyi anali atatsika pansi pa second apron koma anali akadali pamwamba pa luxury tax, ndipo timu imene yalipira msonkhowu nyengo zitatu mwa zinayi imalipiritsidwa pamtengo wokwera. N'chifukwa chake wofunika kumuyang'ana anali Simons pofika February 2026, pamene kusinthana kunatsekedwa. Kumusinthanitsa ndi center woti azisewera kukanatanthauza kuti akukonzera Tatum timu ya 2026-27. Kumupereka kuti angotsika pansi pa 187.9 miliyoni kukanapatsa umboni amene akunena za kuumira.

Aphunzitsi a basketball,
Chipata