Kwa eni shopu yowotcherera zitsulo ku Biwi: kangolo kam'mbali munandipangira sikakuyenda bwino

Abwana, foni yanga simukuyankha, pa WhatsApp mukungowerenga n'kusiya. Ndiye ndalemba pano patsamba lanu, pomwe munaika chithunzi cha njinga yanga yamoto poitanira makasitomala.

Ndinakubweretserani Boxer yanga ya 150 kuti muyiikire kangolo kam'mbali kokhalamo munthu mmodzi. Chifukwa chake ndinakuuzani: mayi anga, chiwagwireni sitiroko, sangathe kukhala kumbuyo kwa njinga, koma kuchipatala amafunika mwezi ndi mwezi. Ndalama ndinalipira zonse. Penti ndiye munapaka yokongola, sindikana.

Koma njingayi imakokera kumanzere osalekeza, ngakhale pa tala wa M1, mpaka mapewa kuuma polimbana ndi handulo. Ukamayenda pang'onopang'ono handuloyo imanjenjemera. Tayala lakumbuyo ladyeka kale mbali imodzi ndipo masipoko ayamba kuduka.

Munandiyankha kuti zimatero, ndizolowera. Zina zimaterodi. Kangolo kakakhala kumanzere, monga kayenera kukhalira kuno poti timayenda kumanzere, njinga imakokera komweko ukawonjezera moto, ndipo imathawira kumanja ukagwira buleki, chifukwa tayala la kangolo silikankhidwa ndi injini komanso lilibe buleki. Ukakhotera kumanzere mothamanga, kangolo kopanda munthu kamanyamuka, n'chifukwa chake ndimaikamo thumba la mchenga. Zimenezo ndi za woyendetsa. Koma kukoka pamsewu wowongoka, liwiro lili limodzimodzi, ndi vuto la wopanga.

Makaniko wina waiyeza ndi matabwa awiri owongoka, ine ndikuona. Tayala la kangolo liyenera kuloza pang'ono mkati, cha kunjinga. Lanu likuloza kunja, ndiye likukoka njinga yonse kulowera kutchire, tayala lakumbuyo n'kumakwecha phula. Njinga iyenera kupendekera pang'ono kumbali yopanda kangolo, yanga yatsamira kangoloko. Tayala la kangolo liyeneranso kutsogolako pang'ono poyerekeza ndi lakumbuyo kuti isagwere kutsogolo pokhotera kumanja. Inu munawaika pamzere umodzi.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti zonsezi zikanakonzeka ndi sipanala mukanamangirira kangolo pamalo anayi ndi mabawuti osinthika. Inu munangowotcherera mapaipi pa fulemu penipeni, ndiye palibe chosuntha popanda kudula. Powotcherera pamodzi, pansi pa injini, pachita kale mng'alu. Pamenepo pakathyoka mayi ali m'katimo, mudzati chiyani?

Musandiuzenso kuti misewu yathu ndiyo yolakwa. Njinga za ambulansi za eRanger zinkanyamula amayi oyembekezera m'misewu yafumbi ya ku Dowa, wodwala atagona m'kangolo kam'mbali. Ntchitoyi imatheka, bola woigwira ayeze asanayatse moto. Ngati inali yoyamba kwa inu, mukananena, tikanafufuzira limodzi.

Dulani kangoloko, mukonze fulemu, mukamangenso ndi mabawuti ndipo tiyeze ndili pompo. Tayala ndi masipoko mugule ndinu. Ngati simungathe, ndibwezereni ndalama zanga ndikapeze wina. Chithunzi chija chichotseni lero, ena asakopeke nacho. Likafika Lachisanu musanandiimbire, ndikatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, pamodzi ndi malisiti ndi zithunzi za mng'aluwo.