Musadikire Kukonza Kaye: Kalata ya Abusa kwa Akhristu Onse a Mpingo Wathu

Okondedwa mwa Ambuye, abambo ndi amayi, akulu a mpingo ndi atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata, ana a Sande sukulu, ndi inu abale athu amene muli kutali, ku Joni, ku Lusaka, ku Harare, ku Tete ndi kutsidya kwa nyanja,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate ndi Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale ndi inu nonse.

Chandilembetsa kalatayi ndi mabenchi amene akukhala opanda anthu Lamulungu. Akulu a mpingo akhala akuyendera milaga yawo, ndipo mayankho amene abwera nawo andisowetsa tulo. Palibe amene wanena kuti wasiya kukhulupirira Mulungu. Wina akuti adzayamba kubwera akalipira chopereka cha pamwezi chimene chaunjikana. Wina akuti mwana wake wamkazi watenga pathupi ali pasukulu, ndiye kutchalitchi akaonetsa nkhope yanji. Bambo wina anabwerera ku mowa atausiya zaka zingapo, ndipo akamva kuti akulu a mpingo ali pakhomo amatulukira kuseri. Ena nsapato zinatha. Zifukwa n'zosiyana, koma pansi pake pali mawu amodzi: ndikonze kaye zinthu zanga, kenako ndidzaonekere pamaso pa Mulungu.

Ndikumvetsa kumene maganizo amenewa akuchokera. Tinakula tikumva kuti kupatsa n'kuika. Ukapita pamaliro a mnzako, nayenso adzabwera pa ako. Ukaponya pa perekaniperekani wa mwana wa mnansi wako, tsiku la mwana wako sudzachita manyazi. Ku banki m'khonde umabwereka molingana ndi zimene unasunga. Zimenezi sindikuzinyoza, chifukwa ndi zimene zasunga midzi yathu pa njala ndi pa maliro. Vuto limabwera pamene titenga mulingo womwewo n'kupita nawo kwa Mulungu, n'kumaganiza kuti nayenso ali ndi kabuku kolembamo amene waika ndi amene sanaike, ndipo amakonda poyang'ana m'kabukumo.

Mulungu sanayambe wakondapo motero. Mose anauza Aisraele mosabisa pa Deuteronomo 7:7-8 kuti Yehova sanawasankhe chifukwa chochuluka, pakuti anali ochepa kuposa mitundu yonse. Anawakonda chifukwa anawakonda, ndiponso chifukwa chosunga lumbiro limene analumbirira makolo awo. Chifukwa cha chikondicho chinali mwa Iye, osati mwa iwo. Paulo akunena zomwezo pa Aroma 5:8, kuti Khristu anatifera tili chikhalire ochimwa. Taonani nthawi yake. Sanadikire kuti tilape, tibatizidwe, tilowe kalasi kapena timange ukwati woyera. Mtanda unabwera zonsezi zisanachitike, ndipo ndi umene umazibala.

Fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15 timalidziwa kuyambira tili ana, mwina n'chifukwa chake timaliwerenga mothamanga. Ndikupemphani kuti muliwerengenso pang'onopang'ono sabata ino. Mnyamata uja ali kodyetsa nkhumba anakonza mawu okanena kwa atate ake, ndipo mawuwo anali ndi mbali zitatu: ndachimwa, sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, mundiyese ngati mmodzi wa antchito anu. Mbali yachitatuyo ndi imene ambiri a ife tili nayo mumtima. Ankafuna kubwerera ngati waganyu, agwire ntchito, abweze pang'onopang'ono chuma chimene anamwaza. Koma akali patali atate ake anamuona, nagwidwa chifundo, nathamanga. Munthu wamkulu, mwini khomo, kuthamanga anthu akuona! Anamukumbatira akununkha khola la nkhumba, asanasambe, asanasinthe nsanza zake. Mwanayo anayamba mawu ake aja, koma pa vesi 21 mupeza kuti za uganyuzo sanafike pozitchula. Atate anali atayamba kale kuitanitsa mwinjiro, mphete ndi nsapato.

Ndipo musaiwale kuti atate yemweyo anatulukanso panja kachiwiri, kukadandaulira mwana wamkulu amene anakwiya n'kukana kulowa m'nyumba. Mwana ameneyu ndi ife amene sitijomba kutchalitchi, amene makadi athu a chopereka ali odzaza. Nayenso ankadziona ngati wantchito: zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito, simunandipatseko ngakhale kamwana ka mbuzi. Onse awiri ankaganiza kuti malo awo pakhomopo ndi ogula. Mmodzi ankati walephera kulipira, winayo ankati walipira mokwanira, ndipo onse anafunika kuuzidwa kuti ndi ana.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira za chiphunzitso chimene chadzaza pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, choti ufese mbewu ya ndalama kuti Mulungu akutsegulire makomo. Ndakhalapo m'nyumba ya mayi wina wamasiye amene anagulitsa mbuzi zake kuti atumize ndalama yoteroyo, poyembekeza kuti mwana wake wodwala achira. Mwanayo sanachire, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayiyo ankadziimba mlandu yekha, akuti mwina ndalamayo inachepa. Abale anga, Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula mwamphamvu (Machitidwe 8:20). Yesaya 55:1 akuitana iye amene alibe ndalama kuti abwere, agule ndi kudya popanda ndalama. Mulungu sachita katapila ndi ana ake. Chopereka n'chofunika, denga la tchalitchi silidzikonza lokha ndipo amasiye athu sadya mapemphero okha, koma timapereka chifukwa talandira kale. Pa 2 Akorinto 8:12 timamva kuti mphatso imalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho, osati chimene alibe. Choncho amene mulibe kanthu mwezi uno, bwerani chimanjamanja. Palibe mtumiki amene adzakuimitseni pakhomo kufunsa khadi.

Wina afunsa kuti, abusa, ndiye kuti tchimo lilibe kanthu? Lili ndi kanthu kwambiri. Kuledzera kumadyadi ndalama ya fizi, chigololo chimapasuladi mabanja, ndipo mwamuna womenya mkazi wake asabisale kuseri kwa kalata ino. Chikondi cha Mulungu chimatilandira momwe tilili, koma sichitisiya momwemo. Yesu anauza mayi wogwidwa m'chigololo kuti sakumutsutsa, kenako anati apite asakachimwenso (Yohane 8:11). Anayamba ndi kumulandira, kusintha kunatsatira. Ife kawirikawiri timatembenuza, timafuna munthu asinthe kaye ali panja. Chilango cha mpingo chilipo kuti chibweze mbale, osati kumuthamangitsa. Amene waimitsidwa Mgonero sanaimitsidwe kumva Mawu, kuyenderedwa akadwala kapena kupatsidwa moni. Ndipo zimandipweteka kuona kuti mtsikana akatenga mimba manyazi onse amasenza yekha ndi mayi ake, pamene mnyamata kapena bambo amene anam'patsa akuyenda mwaufulu. Amayi a Chigwirizano, ndikupempha kuti ana oterewa mukhale oyamba kuwafikira, muwaperekeze ku sikelo, ndipo akabereka muwalimbikitse kubwerera kusukulu.

Tsopano za chiyembekezo, pakuti ndikudziwa kuti ambiri si manyazi okha amene akukusautsani, koma kutopa. Zaka zapitazi zatikwapula motsatizana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola anthu ndi nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera, ndipo ena mwa ife tinataya abale kumeneko. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera tsiku limodzi. Mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga m'maboma ambiri. Ndipo tsopano tili m'miyezi ija ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatha, chimanga cha m'munda chikadali chaching'ono, feteleza wobereketsa akufunika ndipo sukulu ikufuna zake. Ndimaona madzulo pamsika amayi akugula kajumbo ka ufa ka mphika umodzi, kachubu ka mafuta ndi kamulu ka bonya, akuwerenga ndalama kawiri asanapereke. Za mawa sakuzidziwa.

Kwa munthu wotere sindingabwere ndi mawu opepuka akuti zonse zikhala bwino chaka chino, chifukwa Mulungu sanandiuze zimenezo. Chimene ndingachite ndi kukutengerani ku buku la Maliro. Bukuli linalembedwa Yerusalemu atawonongedwa ndi ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Kachisi anatenthedwa, malinga anagwetsedwa, anthu anatengedwa ukapolo. Wolembayo sakubisa kanthu. Akunena za ana okomoka m'misewu akufunsa amayi awo chakudya (2:12), ndi za anthu ogula madzi awo omwe ndi nkhuni zawo zomwe ndi ndalama (5:4). Amene mumaima pamzere ndi zigubu pa kiyosiki ya madzi, vesi limeneli simufunika wokumasulirani. Pa 3:18 akufika ponena kuti mphamvu yake ndi chiyembekezo chake zatha. Mawu otere ali m'Baibulo, ndiye inunso musaope kuwanena kwa Mulungu m'pemphero.

Koma pakati penipeni pa kulira kumeneku, pa 3:21-23, munthuyu akukumbukira chinthu chimodzi: kuti sitinatheretu chifukwa cha chifundo cha Yehova, ndipo chifundocho chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa. Pamene ankanena izi mzinda unali ukadali bwinja. Akapolo anali asanabwerere, ndipo panadutsa zaka pafupifupi 70 kuti kachisi wina amalizidwe. Chiyembekezo chake sichinachokere pa kusintha kwa zinthu, chinachokera pa kudziwa mtima wa Mulungu. Apa ndi pamene nkhani ziwiri za kalata ino zikukumana. Chikanakhala kuti Mulungu amatikonda molingana ndi mmene tinachitira dzulo, bwenzi m'mawa uliwonse tikudzuka ndi mantha. Koma poti chikondi chake sichinayambire pa ife, kulephera kwathu kwa dzulo sikungachithetse.

Chifundo chimenechi chimabwera cha tsiku limodzi limodzi. M'chipululu Aisraele anadya mana zaka 40, koma ankatola muyeso wa tsiku limodzi, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatolera ndi za Sabata. Amene anasunga mpaka m'mawa anapeza mphutsi ndi fungo (Eksodo 16:20). Ambuye Yesu anatiphunzitsa kupempha chakudya chathu chalero, ndipo pa Mateyu 6:34 anati tsiku lililonse zikwanire zovuta zake. Sakuletsa kulima, kusunga mbewu kapena kukonzekera fizi ya teremu ikubwerayi, pakuti Yosefe anasunga tirigu zaka 7 ku Ejipito motsogozedwa ndi Mulungu yemweyo. Chimene akuletsa ndi kusenza lero katundu wa chaka chonse. Mphamvu imene mwapatsidwa m'mawa uno ndi yokwanira lero. Mukaiyeza ndi mavuto a mwezi wa mawa idzaoneka yochepa, chifukwa ya mwezi wa mawa simunalandire.

Abambo, ndilankhule nanu mwapadera. Nkhani za amuna odzipha chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja tikuzimva pafupipafupi m'dziko muno. Tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndiye ambiri amafera mumtima, akumwetulira pagulu. Yesu analira pamanda a Lazaro anthu akuona, ndipo m'Getsemane anauza anzake atatu kuti moyo wake uli ndi chisoni chofa nacho. Ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo akukufikirani, musagone nawo nokha usiku wina. Gogodani kwa mkulu wa mpingo wa mlaga wanu, kapena bwerani kunyumba kwanga, kaya ndi pakati pa usiku. Tidzakhala pansi, tidzaona za ngongoleyo limodzi, ndipo pofunika tidzakuperekezani kuchipatala, chifukwa matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga matenda ena onse. Moyo wanu ndi wamtengo wapatali kuposa ndalama iliyonse imene munabwereka.

Inunso amene muli kunja, ndikudziwa kuti ena mwasiya kuimba foni kumudzi chifukwa mulibe choti mutumize. Munachoka ndi malonjezo, koma ntchito yavuta, mapepala sanatheke, lendi ikukudyani. Imbani ndithu. Mayi anu akufuna kumva mawu anu, ndipo ife tikukuwerengeranibe ngati nkhosa za khola lino. Pezani mpingo kumene muliko, musakhale nokha. Aroma 8:38-39 akuti ngakhale imfa, ngakhale moyo, ngakhale zilipo kapena zilinkudza, sizingathe kutisiyanitsa ndi chikondi cha Mulungu chimene chili mwa Khristu Yesu. Mtunda wa pakati pa kuno ndi Johannesburg sungathenso.

Pomaliza, pali zimene ndikupempha kuti tichite m'masabata akubwerawa. M'nyumba iliyonse, musanatuluke m'mawa, werengani limodzi Maliro 3:21-24, ndipo amene sadziwa kuwerenga awerengeredwe ndi ana. Mlaga uliwonse uyendere anthu ake amene asowa, osati kukawafunsa mlandu kapena kukawakumbutsa za chopereka, koma kukawaona ndi kuwauza kuti malo awo alipo. Amene m'nyumba mwanu mukadali chimanga, bweretsani ngakhale mbale imodzi. Atumiki aika thumba m'chipinda cha akulu a mpingo, ndipo adzagawira okalamba, odwala ndi ana amasiye mwakachetechete, popanda kulengeza maina. Wina wosowa akadzalowa m'tchalitchi Lamulungu likubwerali, musatembenuke kumuyang'anitsitsa kapena kunong'onezana. Musunthe pabenchi, mum'patse buku la nyimbo, ndipo potuluka mum'gwire chanza.

Ine ndi banja langa tikukupemphererani, nanunso mutikumbukire m'mapemphero anu.

Ndine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu