Ofufuza za malungo apatsidwe ntchito zokhazikika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa ntchito ya akatswiri ofufuza tizilombo tokhala m'magazi, makamaka toyambitsa malungo, chifukwa ndikuona kuti dziko lathu limakolola zipatso za ntchitoyi koma silisamala mokwanira anthu amene amaigwira.

Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti kachilombo ka Plasmodium falciparum, koyambitsa malungo, kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwachititsa kumatirira m'timitsempha ta mu ubongo, koma chenicheni chimene chimapha mwana wokomoka ndi malungo sichinkadziwika bwino. Yankho linapezeka kuno kwathu, kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa kafukufuku mu 1986. Makina a MRI atafika mu 2008, ofufuza anayamba kujambula ubongo wa ana odwalawo, ndipo mu 2015 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti ambiri mwa ana amene amamwalira ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Kuchokera pa chiyambi cha kafukufukuyo kufika pa yankho limeneli panadutsa zaka pafupifupi 30, ndipo nthawi yotere siingakwane m'kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu.

Komatu umu ndi mmene achinyamata athu ambiri amalembedwera ntchito. Mnyamata kapena mtsikana akamaliza digiri ya PhD, kawirikawiri malipiro ake amadalira pulojekiti ya thandizo lochokera kunja, ndipo pulojekitiyo ikatha amayamba kufunafuna ina, apo ayi amapita kumaiko ena kumene luso lake limalandiridwa ndi manja awiri. Sindikunyoza abwenzi akunja, pakuti mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome aphunzitsa Amalawi ambiri, koma mwini ndalama ndiye amasankha mafunso oti afufuzidwe. Nanga matenda a kaodzera, amene kashembe amafalitsa ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, adzawaika patsogolo ndani ngati si ife eni ake?

Pempho langa kwa boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo n'lakuti m'bajeti mukhale ndalama zapadera zolipirira maudindo okhazikika a ofufuza m'mayunivesite athu monga ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kuti mphunzitsi azikhala ndi nthawi ya mu labotale, osangothera sabata yonse m'kalasi.

Ine wowerenga wanu,
Zomba